Mtima wa a Teodoro ndi Mzere wa pa Bomba

Kumudzi kwathu, cha kuseri kwa Chipera, munthu wamkulu akamathamanga anthu amayamba ayang'ana kumbuyo kwake kuti aone chimene chikumupirikitsa. Ndiye tsiku limene madala asanu anatuluka mbandakucha atavala makabudula n'kuyamba kuthamanga mumsewu wafumbi, kumbuyo kwawo kulibe njuchi, kulibe ng'ombe yolusa, amayi amene anali pa bomba, pamjigo pathu paja, anatula zigubu pansi n'kuseka mpaka kugwirana. Dzina anawapatsa tsiku lomwelo, Ekipa ya Mawondo, ndiye kuti timu ya mawondo, ndipo linawakanirira.

Anayambitsa zonsezi ndi Quitéria, namwino amene amabwera pa mota, njinga yamoto ija, kamodzi pa miyezi itatu kudzakweza ana sikelo ndi kukalipira akuluakulu. Atapeza kuti madala angapo magazi awo akuthamanga kwambiri, anawauza kuti achepetse mchere ndipo aziyenda ndawala m'mawa uliwonse. Iye ananena zoyenda. Koma amuna ndi amuna. Tsiku lachitatu a Teodoro anangowapitirira pang'ono a Nazário pokwera kachitunda, a Nazário n'kutalikitsa phazi, ndipo pofika pamlambe wa pamphambano onse asanu anali wefuwefu, zoyenda zitaiwalika.

Amene anakukonda kuthamangako koposa anzawo anali a Teodoro. Anali munthu wamtali, wowonda, mlimi wa chimanga ndi mbuzi, amene anabwerako ku Zambia nkhondo itatha ali ndi makasu awiri ndi akazi awo a Zeferina, mwana ali kumsana. Miyendo yawo inkadziwa kale kuthamanga, koma inaphunzira mothawa, mtima uli m'mwamba. Ku ukalamba kuno ndi kumene anatulukira kuti munthu angathe kuthamanga popanda womuthamangitsa, kamphepo kakumuwomba pachifuwa, ndipo ankasangalala nazo ngati mwana, ngakhale pagulu sakanavomera. Madala aja anali atapangana mpikisano wa pa 4 Otubro, tsiku la mtendere, kuchokera pa kapela, katchalitchi kathu, kukazungulira mlambe n'kubwerako. A Teodoro anali atalumbira chamumtima kuti tsiku limenelo a Nazário adzangoona fumbi.

Quitéria atabweranso mu Junyu n'kupeza kuti odwala ake asanduka othamanga, anapukusa mutu, kenaka anati popeza mwayamba kale, bwerani ndikuphunzitseni kumvetsera mitima yanu. Anawaonetsa poika zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, pamene mtsempha umagunda. Anati m'mawa uliwonse, phazi lisanaponde pansi, aziwerenga kugundako kwa mphindi imodzi n'kulemba nambala m'kaderno, kabuku kolembamo. Mtima wa munthu wozolowera kuthamanga, anatero, umagunda mosafulumira akamapuma, chifukwa ukagunda kamodzi umakankha magazi ambiri. Makumi asanu, makumi asanu ndi limodzi, zimenezo n'zabwino. Koma nambala ikatsika kupitirira makumi anayi, imeneyo si nkhani yoseka, munthu akwere njinga apite kuchipatala.

Vuto linali la mphindiyo. Wotchi panalibe amene anali nayo. Matelefoni alipo, inde, koma amatha masiku awiri ali kwa mwini sola, ndipo akabwerako amangoonetsa ola, tizigawo ta mphindi ayi. Apa m'pamene a Nazário, akatekista athu, anaonetsa kuti maphunziro a kwa apadiri sanapite pachabe. Anabwereka wotchi ya namwino, anaimirira, napemphera Atate Athu kawiri motsatizana, mwachifatse monga amachitira ku kapela, ndipo Amen wachiwiri anagwera pa mphindi imodzi ndendende. Anthu anawomba m'manja. Quitéria anaseka n'kunena kuti kuli bwino kusiyana ndi kungokhala, adzaona makaderno awo akadzabwera kumapeto kwa Setembro.

Munthu sangawerenge uku akupemphera, manambala amalowerera m'pemphero. Choncho ntchito inagawidwa: mwamuna aziwerenga chamumtima, mkazi azipemphera mokweza.

A Zeferina anailandira ntchitoyo monga amalandirira ntchito zonse, mong'ung'udza koma osaikana. Anali mayi wamfupi, wachangu, wotha kusenda chinangwa uku akuthamangitsa nkhuku uku akuyankha moni wa munthu wodutsa. M'mawa uliwonse ankakhala tsonga m'mbali mwa amuna awo, n'kumanga mpango kumutu, n'kuyamba pemphero. A Teodoro ankatsinzina, zala pamkono, mutu wodzaza manambala. Pemphero lenilenilo sankalimva. Patatha zaka makumi anayi za ukwati mawu a akazi awo anali ngati chigayo cha pamsika, ankazindikira pokhapokha chikazima. Akamva Amen wachiwiri ankatsegula maso n'kulemba nambala, a Zeferina atatuluka kale ndi zigubu zawo.

Sabata yoyamba analemba 57. Mu Julayu, zitsime za m'madimba zitayamba kuphwa ndipo mudzi wonse utatembenukira ku bomba imodzi ija, analemba 51. Ndiye kudzitama kwake! Pamlambe, pamene madala ankapumira asanabwerere, a Teodoro ankatchula nambala yawo asanafunsidwe. A Nazário, amene nambala yawo inangokakamira pa 64 ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, ankangoti, tamva kumpadre, tamva mnzanga. Mu Agosto, midzi iwiri yoyandikana nayo itayambanso kudzatunga kwathu, moti wochedwa kufika pamzere ankabwerako dzuwa lili paliwombo, a Teodoro analemba 46, kenaka 44. Anauza anzawo kuti mtima wawo wasanduka wa njovu, ndipo anayamba kulangiza achinyamata za kadyedwe.

M'mawa wina kumayambiriro kwa Setembro analemba 39.

Anakhala pabedi nthawi yaitali akuiyang'ana nambalayo. Tsiku lotsatira 38. Linalo 36. Pamlambe atafunsidwa ananama kuti 45. Anakumbukira a Amadeu, mnzawo amene anathawira naye limodzi ku Zambia, amene chaka chatha anakhala pakhonde akutonola chimanga n'kungoweramitsa mutu, osadzukanso. Anthu anati mtima unangoima. A Teodoro tsopano anaona mmene mtima umaimira. Suima kamodzi, umachita kuchotsako kamodzi lero, kawiri mawa, mpaka kutha. Anawerengera ndi zala kuti pa liwiro limeneli mvula yoyamba idzawapeza atagona kumanda, ndipo anachita mantha enieni, mantha amene sanawamveponso chibwerere ku Zambia.

Chimodzi chokha chinkawadabwitsa. Lamulungu lililonse nambala inkakwera, 55, 56, ngati kale. Analingalira n'kupeza yankho lowakhutiritsa: Mulungu amawabwereka mphamvu tsiku lake kuti akathe kufika ku kapela. Zimenezi zinawalimbitsa chikhulupiriro, koma sizinawachotse mantha, chifukwa Lolemba linkabwera ndithu.

Mungafunse kuti bwanji sanakwere njinga kupita kuchipatala monga anauzidwira. Inenso ndinafunsa. Paja amati safunsa anadya phula. A Teodoro ankaopa kuti akakafika kumeneko chinthucho chikatchulidwa dzina, ndipo chikatchulidwa chikhala chenicheni. Koposa apo ankaopa nkhope ya a Zeferina. Mayi ameneyu anaika m'manda ana awiri kudziko la eni, ndipo a Teodoro anali atadziuza kalekale kuti sadzamubweretseranso uthenga woipa ndi pakamwa pawo. Anaganiza zongokonza zinthu mwakachetechete kuti akadzapita mayiyo asadzavutike.

Anasiya kuthamanga, nanamizira bondo. M'mawa ankamva mapazi a anzawo akudutsa kumsewu ndipo mtima unkawawa, koma ankatembenukira kukhoma. Anafolera denga la nyumba ngakhale linali lisanayambe kudontha. Anamanganso khola la mbuzi ndi mitengo ya tsanya yoti idzakhale zaka khumi. Anaika mipini yatsopano m'makasu onse, yaifupi, yoyenera msinkhu wa a Zeferina. Madzulo ankakhala kukhola kuyankhula ndi mbuzi imodziimodzi. Ndipo anayamba kufatsa pakhomo, kuthokoza ngakhale madzi akumwa, moti a Zeferina anawayang'ana cham'mbali n'kufunsa ngati pali chimene apalamula. Iwo anati palibe.

Patsamba lomaliza la kaderno analembapo magawidwe a zinthu. Mbuzi zitatu kwa Lina, mwana wawo wamkazi wa ku Fíngoè. Njinga kwa Elídio, mwana wawo wamwamuna. Sapatilya, nsapato zawo zothamangira zimene Lina anawatumizira, kwa a Nazário. Pansi pake analemba dzina la a Zeferina, ndipo cholembera chinaima pamenepo. Anabwererapo masiku atatu, osapeza choti alembe. Anabisa kaderno m'thumba la mbewu ya chimanga.

Nsapatozo sanadikire nazo imfa. Anazikulunga m'pepala n'kukawapatsa a Nazário, amvekere, bondo langa lakana kumpadre, muthamange nazo ndinu pa 4 Otubro. A Nazário anazilandira ndi manja awiri, koma anawayang'anitsitsa. Munthu amene miyezi itatu yapitayo ankapukuta nsapatozo ndi malaya ake sangazipereke chifukwa cha bondo. Madzulo omwewo anauza akazi awo a Carlota, ndipo nkhani imene yafika kwa a Carlota mawa lake imakhala ili pa bomba.

Tsiku limene Quitéria anabwera, a Teodoro anali atakonza zozembera kumunda. Anapeza a Zeferina ataima pakhomo, atanyamula malaya awo a ku kapela. Sanakalipe. Anangoti valani, tikupita limodzi. A Teodoro anavala.

Namwino anali atayala tebulo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kapela. Madala anzawo anali pomwepo ndi makaderno awo, ndi amayi ambiri odikira sikelo. Itafika nthawi yawo, a Teodoro anati kaderno lawo linadyedwa ndi chiswe. Pamenepo a Zeferina anamasula kapulana, chitenje chawo cha m'chiuno, natulutsa kaderno lija, likadali ndi fumbi la mbewu, n'kuliika patebulo.

Quitéria anatsegula masamba, nkhope yake n'kusintha. Anawakhazika pampando, anawauza apume kaye, kenaka anagwira mkono wawo maso ali pawotchi. Anawerenga kawiri. Anamvetsera pachifuwa ndi kachipangizo kake. Anafunsa ngati amachita chizungulire, ngati anagwapo, ngati mpweya umawathera akakhala. Zonsezo ayi.

"Ndikupeza 60, abambo, ndipo ndi mantha omwe muli nawowa," anatero. "Mtima wake ndi womwewu umene mwalemba 36?"

Anabwereranso m'kaderno, chala chikutsika tsiku ndi tsiku, kenaka chinayamba kudumpha masiku asanu ndi awiri. Anafunsa chifukwa chake Lamulungu lililonse nambala ikukwera. A Teodoro anafotokoza modzichepetsa za chifundo cha Mulungu. Quitéria anati chifundocho sakuchikana, koma anatembenukira kwa a Zeferina n'kufunsa ngati Lamulungu amapita ku bomba. A Zeferina anati ayi, amatungiratu Loweruka.

"Ndiye amayi, tandipemphererani pano. Osati la Lamulungu. Ndikufuna la Lachiwiri, zigubu zili pakhomo, anzanu mukuwamva akudutsa."

A Zeferina anayang'ana uku ndi uku, anakoka mpweya, n'kuyamba. Abale, pemphero limenelo linathamanga kuposa Ekipa ya Mawondo yonse. Palibe liwu limene linadumphidwa, onse analipo, koma anali atakwerana pamsana ngati anthu a m'lole ya ku Fíngoè. Amen wachiwiri atagwa, Quitéria anatembenuza wotchi kuti onse aone. Mphindi inali itangodutsa theka pang'ono.

A Carlota anaphulika kuseka, ndipo pansi pa mango ponse panagwa chiseko. Wina anati mtima wa a Teodoro umaphwa limodzi ndi zitsime. Wina anati njovu ija yapezeka kuti ndi mbuzi wamba. A Nazário anayesa kusunga ulemu wa ukatekista, anayamba kunena kuti pemphero si mpikisano, koma anakanika kumaliza, anakhala pansi akupukuta misozi. A Teodoro nawo anaseka, kuseka kwa munthu amene wamasulidwa chingwe pakhosi. Manyazi analipo, koma manyazi ndi opepuka ukawayerekeza ndi manda.

Quitéria anati popeza wakufayo wauka, amve za mpikisano. Pothamanga mtima uli ndi denga lake, ndipo kuti ulidziwe mongoyerekeza umachotsa zaka zako pa 220. Anafunsa zaka zawo. Apa panabuka mlandu wina, pakuti a Teodoro ali ndi zaka zitatu zosiyana: bileti, chitupa cha boma, imati 63, chikalata cha ubatizo chimati 66, ndipo kadi yakale ya ku Zambia imati 60. Iwo anasankha msanga ya ku Zambia, poona kuti ikuwapatsa denga lalitali. Quitéria anati apadiri ndiwo anawaona ali khanda, natenga ya ubatizo, n'kulemba 154. Anawonjeza kuti nambalayo ndi yongoyerekeza, muyezo weniweni ndi moni: akamathamanga n'kulephera kuyankha moni wa munthu, achepetse, ndipo pachifuwa pakapweteka aime pomwepo, ngakhale a Nazário awapitirire. Za kuwerenga kwa m'mawa, anati apeze wotchi, kapena apeze wotunga madzi.

Munthu mmodzi yekha sanaseke tsiku limenelo. Pobwerera kunyumba a Zeferina anayenda patsogolo, kaderno lili m'manja, osatembenuka. A Teodoro anayesa nthabwala ziwiri, zonse zinagwera m'fumbi. Atafika pakhola latsopano lija a Zeferina anaima, natsegula tsamba lomaliza. Kuwerenga amawerenga movutikira, koma maina a ana awo ndi lawo amawadziwa.

"Bambo a Lina, mbuzi munatsanzikana nazo. Akumpadre anu munatsanzikana nawo. Ine amene ndimagona pambali panu, ndimve pa bomba?"

A Teodoro anati sanafune kuwadetsa nkhawa.

"Nanga apa? Aliyense ali ndi chake. Ine dzina lokha, kutsogolo kwake mbee. Zaka makumi anayi, osapeza ngakhale nkhuku yondisiyira?"

A Teodoro anayankha maso ali pansi.

"Ndinakhala nalo masiku atatu tsambalo, amake Lina. Zinthu zonsezo n'zanu kale. Chimene ndinkafuna kulemba n'chakuti ndikukusiyani nokha, ndipo dzanja linkakana."

A Zeferina anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana, anawaponyera kaderno pachifuwa, n'kunena kuti mipini ya makasu ija yafupika kwambiri, iwo si mwana. Analowa m'nyumba.

Kutacha, a Teodoro anadzuka atamva zigubu zikugundana kumsewu, amayi akuthamangira mzere. Anayembekezera kuti akazi awo adumpha. Koma a Zeferina anakhala tsonga, anamanga mpango mosafulumira, nagwira okha mkono wa amuna awo n'kuika zala zawo pamtsempha, pambali pa zala za eni ake. Anayamba pemphero pang'onopang'ono, pang'onopang'ono kuposa akatekista. A Teodoro anawerenga mpaka 57, Atate Athu woyamba asanathe n'komwe. Anafika 70. Pa 80 anasiya kuwerenga n'kuyamba kumvetsera. Anamva kuti mawu a akazi awo akalamba, kuti amanjenjemera pang'ono pamathero a mzere uliwonse, ndipo anadabwa kuti zimenezi zinayamba liti iwo osadziwa. Amen wachiwiri atadutsa a Zeferina sanachotse dzanja.

Tsiku limenelo m'kaderno simunalembedwe nambala. A Teodoro anatsegula tsamba lomaliza, ndipo kutsogolo kwa dzina lija analemba kuti: zigubu zinayi m'mawa uliwonse, wotunga ndine. Anawerenga mokweza kuti mwini dzina amve. A Zeferina anati tiona ngati zifike Loweruka.

Anamangirira zigubu panjinga n'kutuluka ali chosavala nsapato, pakuti sapatilya zinali zikadali kwa a Nazário, ndipo kukaitanitsa mphatso kumafuna kukonzekera mawu. Pofika pa bomba mzere unali utakhota kale kuseri kwa mpanda. Amayi atawaona anayamba kufunsana mokweza ngati njovu nazonso zimatunga madzi. A Teodoro anapereka moni kwa onse, natsamiritsa njinga pamtengo, n'kukaima kumapeto kwa mzere.